Nyimbo ya Khumi ndi Chinayi

Beijing, 12 Okutobala 1993

Lianhai,

Moni wa masiku. Ndikhulupirira uli moyo, poti za wakufa timamva msanga. Ife kuno tilipo, ine ndi Ababa. Kalata yako yomaliza inali ya maliro a Amayi, mizere isanu ndi umodzi, ndinachita kuiwerenga ndi chala. Kuchokera pamenepo zii. Ngati ku Budapest kulibe mapepala undiuze ndikutumizire.

Ine sindidziwa kuzungulira, ukundidziwa. Sukulu ndinaisiyira kalasi yachinayi kuti ndizikubereka iwe kumsana, zilembo zinazi ndinachita kutola m'manyuzipepala okutira nsomba, ndiye usayembekezere mawu okometsera. Nkhani ndi ya Mzime.

Usaseke. Ndikunena mbalame ya Ababa, ya mtundu wa bailing ija, yotsanzira mawu, imene anaitenga chaka chatha ili kamwana kopanda nthenga, n'kuitcha Mzime tsiku lomwe unakwera sitima, ati poti mzime weniweni wathawa. Iwe unachoka isanayambe kuimba. Chaka chonse Ababa ankalawirira nayo kwa mnzawo wa kupaki, madala Guan, kuti izikamvera mbalame yawo yakale ija, mpaka inagwira nyimbo zonse khumi ndi zitatu mundondomeko mwake: mpheta zikukangana, thadzi likutetera, mphaka, namzeze, kagalu, wilibala yolira, mpaka kumapeto osadumpha. Kupaki madala ankasiya kulankhula ikakwera pakansanja kake ka m'khola. Ababa ankabwera kunyumba atatukumuka ngati apatsidwa mendulo.

Mu Ogasiti inathothoka nthenga n'kukhala chete, monga zimachitira. Sabata yatha inayamba kung'ung'udza pang'ono. Lachiwiri Ababa anavala jekete, nakutira khola ndi nsalu yake yabuluu, napita nayo kupaki koyamba chimwalirire Amayi. Ndinakondwa, ndinati munthu uja wadzuka. Ola lisanathe anabwerera, nsalu ili chikutire, nkhope ngati phulusa.

Zomwe zinachitika ndinazimva kwa madala Guan, ndinachita kuwatsekera njira pashopu ya pakona. Akuti Mzime inaimba bwinobwino kufika pa mphaka. Kenako inatulutsa china: kamluzu koonda kokokera m'kati, kudukiza, kenako kamluzu kena. Madala asanu ndi awiri anathamangira makola awo, aliyense kugwetsa nsalu. Mmodzi anati, "A Tong, mwatibweretsera matenda?" Madala Guan anawatengera Ababa pambali nati, "Akulu, mwambo mukuudziwa kuposa ine. Pakamwa pada apa, yatola phokoso lachilendo. Inu bwerani tsiku lililonse, tiyi alipo, koma iyi isapondenso pano, ingatiwonongere zathu."

Ndinawafunsa kuti, zaka makumi anayi mukumwera kapu imodzi, lero mukuthamangitsa mnzanu chifukwa cha kambalame kosakwana ndiwo? Anati, "Mwana wanga, sitinathamangitse munthu." Ndinawayankha zina zomwe sindilemba.

Tsopano tamvera. Phokosolo ndalimva ndekha. Ndi Amayi, Lianhai. Ndi mmene ankapumira mwezi womaliza uja, iwe uli kogulitsa majekete. Sindikunena kuti likufanana ayi, ndi komweko. Ndinali kutsuka mpunga, poto anandipulumuka.

Ndipo wolakwa ndine. Mvula ya mu Julaye itayamba kudontha m'kashedi momwe Ababa amabisa khola kuti mbalame isatole zamumsewu, ndine ndinalinyamula n'kukaliika pamwamba pa kabati kuchipinda kwa Amayi. Ndinali ndi mabeseni, mankhwala, zochapa, ndi basi yoti ndikadule matikiti. Ndinaganiza za denga, makutu a mbalame sindinawaganize. Inakhala mmenemo milungu isanu.

Panopa Ababa satuluka. Amakhala pampando moyang'anana ndi khola, mbalame ikuwaimbira imfa ya mkazi wawo kasanu kapena kakhumi patsiku. Phala amasiya theka. Lamba aboola bowo lina. Sandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Ndikawafunsa chomwe akuganiza amati, "Waipatsa dzira?" Basi.

Ndiwe mwana wamwamuna, ndipo za mbalame unakulira momwemo. Undiuze chochita. Uyankhe msanga, osati mizere isanu ndi umodzi.

Mlongo wako,
Guifen


Budapest, 29 Okutobala 1993

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo mbama yanu yandipeza ngakhale ndili kutali chonchi. Moni kwa Ababa. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwayamba ndipo zala zang'ambika ndi kumasula mabelo. Za maliro musamandibaye nazo kalata iliyonse. Ndikanatuluka m'dziko muno chitupa changa chikanafa, sindikanabwereranso, munadziwa ndipo munati khala. Ndinawawotchera Amayi ndalama zapepala zoperekeza akufa kuseri kwa msika, mlonda n'kundithira madzi poyesa ndikutentha zinyalala.

Za Mzime zandikhudza. Koma inu kupaki simunakhaleko, ine ndinanyamula makola a Ababa kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye ndimvereni. Madala Guan sanalakwe. Pakamwa pakada sipatsukika, ndipo mbalame imodzi ikhoza kudetsa makola onse opachikidwa mumtengo m'mawa umodzi. Ndikukumbuka bambo wina wometa anali ndi bailing yomwe inatola kulira kwa lumo lake. Ababa ndi amene anaimirira n'kumuuza kuti asabwere nayonso. M'mawa mwake munthu uja anafika ndi khola lopanda kanthu, ndipo Ababa anamuthirira tiyi ndi manja awiri. Pobwerera anandiuza kuti, "Wosunga mbalame weniweni ndi ameneyo."

Ndiye Ababa akudziwa chofunika kuchita. Chawavuta ndi dzanja. Akalamba, ndipo imeneyi anailera okha, kuidyetsa ndi kamtengo isanatsegule maso. Sangakupempheni, mukuwadziwa. Akudikira kuti wina awachitire.

Chitani chonchi. Pitani kwa madala Guan, mupepese kaye zomwe munawanena, poti ndikudziwa zinali zonenepa, kenako muwapemphe kamwana ka chaka chino. Mzime muichotse Ababa ali kunyumba yosambira. Musawafunse, mukawafunsa akana chifukwa cha manyazi. Akapeza ina m'khola adzalusa masiku awiri, lachitatu adzayamba kuiphikira dzira. Mwamuna wopanda mbalame alibe chomudzutsa m'mawa, ndipo wopanda anzake sachedwa kutsatira mkazi wake.

Musadziimbe mlandu. Denga ndi lomwe linadontha.

Mawa ndikupita ndi katundu kumisika ya kumalire, ndikakhala mwezi kapena kupitirira. Lembani pa adiresi yomweyi, mayi mwini nyumba azindisungira. Ndipo umzime wanga ubwerere ndikadali moyo.

Mlongo wanu,
Lianhai


Beijing, 2 Novembala 1993

Lianhai mwana wanga,

Ndine bambo ako. Uwerenge moleza. Uli bwanji kumeneko? Uzivala chipewa. Kuno malasha tagula, kabichi wa nyengo yozizira tasanja pakhonde.

Ndikudziwa kuti mlongo wako wakulembera za mbalame, ndinamuona akuluma cholembera. Ndikulembera iwe chifukwa iye ndikayamba kulankhula amandimalizira mawu, ndipo nkhani iyi sindingathe kuinena ndikumuyang'ana.

Akuganiza kuti anawononga mbalame. Sanawononge. Tsiku lomwe anaika khola pakabati ndinaliona. Zaka makumi anayi ndikusunga mbalame, ungaganize kuti sindinadziwe chomwe mbalame ya chaka chimodzi imachita ikakhala m'chipinda cha wodwala chifuwa? Ndinaimirira kuti ndilitulutse. Amayi ako anati, "Isiyeni." Ukudziwa mmene ankadanira nazo mbalame zanga. Ankati ndinakwatira makola, iwo ndinangowalemba ntchito. Mchenga wa m'khola ankausesa akutukwana. Ndiye ndinati, "Mwati chiyani?" Anati, "Isiyeni mkazi mnzangayo, tidziwane. Inu mumangowodzera pampandopo." Kenako anandiuza kuti ndichotse nsalu, aione.

Ndinachotsa. Tsiku lililonse ndinkachotsa mlongo wako akapita kubasi, n'kubwezera asanafike. Amayi ako ankaiuza kuti, "Iwe ndiye wadya mazira anga onse." Mbalame inkapendeketsa mutu. Ndinkaiona ikumvetsera, ndinkadziwa chomwe ikumvetsera, ndipo nsalu ndinaisiya pamwendo panga.

Kupaki sindinadziwe kuti itulutsa tsiku lomwelo. Anzanga sanandilakwire. Inenso ndikanatero, ndinateropo.

Mawu a amayi ako tilibe pena paliponse. Chithunzi chilipo chimodzi, cha pachitupa, atakwiya. Kupuma kumeneku n'koipa, ndikudziwa, ndi kupuma kwa munthu amene akutha. Koma n'kwawo. Mbalame ikafika pamenepo ndimatseka maso, ndipo amakhala ali kuseri kwa katani, ine ndikuwodzera pampando monga ankanenera. Sindikuvutika mmene akuganizira mlongo wako. Kudya ndachepetsa chifukwa ndakalamba.

Chomwe ndikupempha ndi ichi. Mlongo wako akuyang'ana khola ndi diso lomwe amayang'anira okwera basi opanda tikiti. Umulembere, iwe amakumvera ngakhale amakulalatira. Umuuze asaikhudze. Za nsalu usamuuze, angandione ngati ndazungulira mutu, kapena angakwiye kuti ndamusiya akudziimba mlandu mwezi wonse. Ndidzamuuza ndekha ndikapeza poyambira. Ungoti, Ababa asiyeni ndi mbalame yawo.

Bailing ikasamalidwa imakhala zaka khumi. Ine sindikufuna zochuluka choncho.

Bambo ako,
Tong Wanlu


Beijing, 18 Novembala 1993

Lianhai,

Moni. Kalata yako inafika Loweruka, ndipo kamodzi m'moyo wako walemba zanzeru. Ndachita. Tsopano umve mmene zinayendera, chifukwa kulamula uli ku Ulaya n'kosavuta.

Kwa madala Guan ndinapita Lamlungu ndi paketi ya tiyi. Ndinapepesa. Anandipatsa kamwana ka chaka chino, ati ndi mphatso kwa mnzawo. Anati, "Pakamwa pake n'pofewa, chilichonse chomwe kamve miyezi ino kagwira. Musakaike pafupi ndi wailesi, ndiponso, mwana wanga, musakaike pafupi ndi inu." Ndinameza. Anatinso, "Muwauze akulu kuti nthambi yawo palibe wapachikapo khola."

Lachiwiri linali tsiku la zana chimwalirire Amayi. M'mawa tinawotcha ndalama zapepala, tinaika maapozi ndi mpunga patsogolo pa chithunzi. Masana ndinawakankhira Ababa kunyumba yosambira, ndinati mwayamba kununkha ngati khola. Anaima pakhomo nthawi yaitali atanyamula thaulo. Anati, "Lianhai sanalembe?" Ndinati walemba, akupereka moni. Anati, "Wanenapo za mbalame?" Ndinati wanena, ndipo ndamva. Anati, "Basi ndiye." Anaoneka ngati apepukidwa, n'kumapita.

Kupha sindikanatha, usandifunse. Ndinaika Mzime m'kabokosi ka nsapato n'kupita nayo kumsika wa mbalame, kuti mwina wina aitenge ngakhale kwaulere. Wogulitsa woyamba anasuzumira nati, "Mbalame yabwino chonchi mukuitaya bwanji? Yaba chiyani?" Ine sindinama. Ndinati pakamwa pada. Ukanaona. Anavundikira kabokosi ndi chipewa chake ngati muli moto, akukuwira anzake kuti atseke makola. Mzere wonse nsalu zinagwa. Wina anati, "Mayi, pitani nayo kwa owotcha mpheta, ikwana kamtengo kamodzi." Ndinamuuza kuti iyeyo sangakwane ngakhale theka la kamtengo, n'kuchokapo.

Ndili pasiteji ndinakumbukira zomwe amachita amayi a kukachisi, kumasula mbalame kapena nsomba kuti womwalira ayende bwino. Ndinati tsiku la zana ndi lomweli, mwina ndi mmene zinayenera kukhalira. Ndinakwera basi yathu mpaka kumapeto, kumene nyumba zimathera, kuminda ya kabichi yokolola kale. Ndinatsegula kabokosi. Sinauluke. Inatuluka, n'kuyenda pang'ono, n'kukwera pachibuma, n'kuima monga imaimira pakansanja kake. Ndinaomba m'manja, ndinaponda pansi, ndinati pita, chitsiru, kwanu ndi kuthengo. Inangondiyang'ana. Kenako inayamba: mpheta, thadzi, mphaka. Chotsatira sindinadikire. Ndinathamangira basi nditatseka makutu, mayi wazaka makumi anayi ndi zitatu, anthu akundiyang'ana.

Ababa atabwera anakweza nsalu. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinali nditakonzeka, mayankho onse ndinali nawo pakamwa. Anangofunsa kuti, "Kuti?" Ndinawauza. Anati, "Unaisiyira chakudya?" Ndinati kuthengo kuli chakudya. Anati, "Sidziwa." Kenako anapita kukaphika dzira la yatsopanoyo, poti inali ndi njala.

Ndiye unanena zoona, ayamba kale kuisamala, sanadikire n'komwe masiku awiri. M'nyumba mwakhala bata. Ine ndagona tulo koyamba chichokere Okutobala. Dzulo kunagwa chisanu, madzi a m'ndowa anaundana, koma ija ndi mbalame ya kuchipululu, makolo ake amapirira zoposa apa. Si choncho? Iwe ndiye ukudziwa za mbalame, undiuze.

Mlongo wako,
Guifen


Beijing, 26 Novembala 1993

Lianhai,

Moni. Sindikudikira yankho lako, ndikudziwa ukadali kumalire. Pali kanthu sindikukamvetsa.

Kupaki sanapitebe. Lachisanu lapitali ndinabwera kuntchito n'kupeza nsapato zawo zili matope mpaka m'zingwe, matope akumunda, osati a mumsewu muno. Mnzanga wa basi ya m'mawa akuti anawaona atakhala kumpando wakumbuyo mpaka kumapeto, atafumbata kachitini. Ndinawafunsa komwe anapita. Anati kukawongola miyendo.

Dzulo anandiuza kuti, "Tandionetsa kalata ya mlongo wako." Ndinawapatsa, ndinalibe chobisa. Anavala magalasi, anawerenga kawiri. Pa nkhani ya wometa ija anaima. Kenako anaika chala pa tsiku pamwamba paja, anati, "Analemba pa 29." Ndinati inde, nanga vuto n'chiyani? Anati, "Palibe. Mwana sanalakwe." Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

Tsiku la 29 lili ndi chiyani? Ngati pali zomwe mukubisirana amuna awirinu undiuze. Ine ndine amene ndimawachapira, si iwe.

Guifen


Budapest, 10 Disembala 1993

Achemwali,

Ndabwera dzulo kuchokera kumalire. Mayi mwini nyumba anandipatsa makalata atatu pamodzi, anu awiri ndi ya Ababa ya pa 2 Novembala. Ndinayamba ndi anu chifukwa anali pamwamba, ndinasekapo za wogulitsa uja. Kenako ndinatsegula inayo.

Ababa anandiletsa kukuuzani. Kalata yawoyo ndaiika momwemuno, muwerenge nokha, chifukwa ine ndikanena mudzati ndikukometsa. Mukhale kaye pansi. Musawerenge iwo ali pomwepo. Mukawerenga mudziwa chifukwa chake anayang'ana tsiku: yanga ndinalemba yawo isanalembedwe n'komwe.

Mayiyo akuti inafika pa 13. Yakhala pashelefu pake, pansi pa botolo la jamu, pafupifupi mwezi. Ndikanakhalapo ndikanaimba foni kushopu ya pakona tsiku lomwelo, ndipo panali masiku atatu.

Ndine ndinati musawafunse. Ndine ndinati ndikuwadziwa. Ndinanyamula makola awo zaka khumi, ndipo ndinadziwa makola okha. Pamene anakufunsani ngati ndanenapo za mbalame, ankayesa ndachita zomwe anandipempha. Anapita kosamba akukhulupirira ine.

Funso lanu la chisanu. Mumati munthu azinena zoona, ndiye nazi. Mbalame yoleredwa ndi kamtengo sidziwa kufuna chakudya. Mphaka weniweni siimudziwa, imangodziwa kumuyeseza. Sikanatha masiku awiri.

Ndayesa kuwalembera Ababa katatu, ndang'amba. Mundiuze mmene alili. Ngati n'kofunika ndibwere, chitupa chife, nenani.

Mlongo wanu,
Lianhai


Beijing, 2 Januwale 1994

Lianhai,

Moni. Makalata onse awiri ndawerenga. Ya Ababa ndinawerengera m'basi, kumapeto kwa msewu, dalaivala akudya. Ulendo wobwerera anthu anakwera ulere, sindinadule tikiti ngakhale imodzi.

Usadzisenzetse mlandu wonse, ulibe msana wake. Unalemba ndiwe, koma miyendo inali yanga. Ndinali nawo m'nyumba imodzi, mwezi wathunthu ndikuwapatsa phala, ndipo sindinatseke pakamwa nthawi yokwanira kuti anene chomwe anali nacho. Ndimanyada kuti ndimalankhula zoona. Kufunsa ndiye sindinaphunzire.

Kumunda kuja ndinapitako. Chipale chofewa chili mpaka m'akakolo. Chibuma chija sindinachipeze, zibuma zonse n'zofanana. Ndinayenda ndi dzira lophika m'thumba mpaka bambo wina wa nkhosa anandifunsa chomwe ndataya. Ndinati amayi anga. Anandisiya.

Tsopano za Ababa. Kupaki sapita. Madala Guan abwera kawiri, kachiwiri ndi botolo la mowa, kudzafunsa kuti kamwana kayamba liti kupita kukamvera mbalame yawo, poti nthawi yophunzira ikutha. Ababa anawalandirira pakhomo, sanawalowetse. Anati kali ndi chimfine.

Kalibe chimfine. Sabata yatha basi yathu inafa, ndinaweruka masana. Ndili pabwalo ndinamva munthu akupuma ngati Amayi. Ndinati Mzime yabwerera. Ndinasuzumira pawindo. Anali Ababa. Achotsa nsalu, akokera mpando pafupi, nkhope pansungwi za khola, akukoka mpweya pakati pa mano, kudukiza, kukokanso. Kamwana kapendeketsa mutu. Akachita kasanu ankatsokomola mpaka misozi, chifuwa chawo sichilola, kenako n'kuyambiranso.

Ndinalowa. Anafuna kugwetsa nsalu ngati munthu wogwidwa akuba. Ndinatulutsa kalata yawo m'thumba n'kuiika patebulo. Anaiyang'ana, anati, "Mwana ameneyu sasunga chinsinsi." Ndinagwada, ndinati Ababa, ndinalakwa. Anati, "Dzuka, pansi pakuzizira. Sunandifunse, inenso sindinakuuze." Kenako anati, "Ndikuiwala, Guifen. Ndikayesa ndimamva ngati si komweko."

Ndipo si komweko. Ukundidziwa, sindikanatha kuwanamiza. Ndinati mukulakwitsa, mukuyambira pamwamba. Amayi ankayambira pansi, kamluzu kakwere pang'onopang'ono, kadukize kawiri, kachiwiri motalikirapo, mpaka munthu uganize kuti basi. Ndine ndinkawatembenuza, khutu langa linkakhala pamsana pawo. Phokoso lomwe ndinalithawa kumunda kuja lili m'mutu mwanga lonse, palibe chasowapo.

Anandiyang'ana, n'kudzuka pampando.

Ndiye ndi mmene tikukhalira. M'mawa ndisanapite kubasi, ndiponso madzulo ndikaweruka, ndimakhala pampando wa Ababa n'kumapumira mbalame ya madala Guan mmene ankapumira Amayi. Ababa amakhala pabedi atatseka maso. Kameneka nyimbo khumi ndi zitatu sikadzazidziwa, kupaki sikadzapondako, ndipo madala Guan akadzamva sadzatilankhulanso. Mwina sikagwira n'komwe, Ababa akuti munthu ndi mphunzitsi woipa wa mbalame. Dzulo kanatulutsa kenakake kakafupi. Ababa akuti ndi chiyambi, ine ndikuti kanatsamwa ndi dzira.

Usabwere, chitupa chisafe. Ngati kumeneko kuli mankhwala abwino a pakhosi unditumizire, mawu anga ayamba kusasa, okwera basi sakundimva. Umzime wako uusunge. Kameneka sanakatche dzina.

Mlongo wako,
Guifen